Nyimbo Imodzi Sachezera Gule: Za Chimbale cha Mannenberg

Mwambi wakuti nyimbo imodzi sachezera gule udabadwira pabwalo, pamene anthu ovina usiku wonse adazindikira kuti nyimbo, ingakome chotani, ikabwerezedwa mopitirira muyeso imalemetsa miyendo ya ovina ndi kuziziritsa manja a owomba m'manja, kotero kuti wotsogolera amene ali ndi nyimbo imodzi yokha pamtima amabalalitsa gule tambala asanalire. Akuluakulu amautchula mwambiwu pochenjeza munthu wodalira njira imodzi, luso limodzi kapena mawu amodzimodzi pa mlandu uliwonse, ndipo nzeru yake ndi yosakanika. Komabe m'mbiri ya jazi muli chimbale chimene chimaoneka ngati chidadza kudzautsutsa mwambiwu poyera, chifukwa kutchuka kwake konse kwagona pa nyimbo imodzi, nyimboyo nayonso yagona pa kachidutswa kamodzi kobwerezedwa kwa mphindi zoposa 13, koma anthu a ku South Africa adachezera nayo zaka zambiri za ulamuliro watsankho osatopa nayo. Chimbalecho ndi Mannenberg – Is Where It's Happening, chimene woimba piyano Abdullah Ibrahim, amene pa nthawiyo ankadziwika kwambiri ndi dzina la Dollar Brand, adajambula mumzinda wa Cape Town mu June 1974 pamodzi ndi anzake asanu, ndipo chidatulutsidwa ndi kampani yaing'ono ya munthu mmodzi wa sitolo.

Kuti nkhaniyi imveke, pafunika kufotokoza kaye mtundu wa ntchito imene chimbale chotere chimaimira. Oimba jazi ambiri a m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 ankajambula nyimbo zodziwika kale, zochokera m'mafilimu ndi m'masewero a ku Broadway, chifukwa omvera ankazidziwa ndipo makampani ankakhulupirira kuti zigulidwa. Woimba amene wasankha kujambula nyimbo zopeka yekha amakhala wadzichotsera chitetezo chimenecho, pakuti womvera alibe chuni choti agwirepo poyamba. Akasankhanso gulu laling'ono, ndiye kuti oimba atatu mpaka asanu ndi awiri m'malo mwa bandi yaikulu ya anthu 16 kapena kuposerapo imene imawerenga manotsi olembedwa, amakhala wavomera kuti cholakwa cha munthu mmodzi chidzamveka poyera, popeza palibe khamu loti abisalemo. Pano mwambi wina, wakuti mbewa zikachuluka siziika masa, uli kumbali yake, chifukwa pagulu la anthu asanu ndi mmodzi aliyense amadziwa kuti akaleka kumvetsera anzake nyimbo igwa, ndipo palibe amene angaganize kuti wina amugwirira ntchito yake. Ufulu wojambula kunja kwa makampani akuluakulu uli nawo matope ake monga mvula iliyonse: ndalama zochepa, masiku owerengeka a mu situdiyo, ndi kusowa njira yofikitsira chimbale m'masitolo akutali.

Ibrahim adabadwira ku Cape Town pa 9 October 1934, dzina lake lobadwa nalo lili Adolph Johannes Brand, ndipo adayamba kuphunzira piyano ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri m'banja limene agogo ake aakazi ankaimba piyano mumpingo wa African Methodist Episcopal, mpingo umene udayambitsidwa ndi anthu akuda a ku America ndipo udabweretsa ku Cape nyimbo zawo zauzimu. Mu 1959 adakhala mmodzi mwa oyambitsa gulu la Jazz Epistles, pamodzi ndi Kippie Moeketsi, Hugh Masekela, Jonas Gwangwa, Johnny Gertze ndi Makaya Ntshoko, ndipo chimbale chawo cha mu 1960 chimawerengedwa kuti ndicho chimbale chachitali choyamba cha jazi chojambulidwa ndi gulu la anthu akuda m'dzikomo. Gululo silidakhalitse, chifukwa apolisi atapha anthu 69 ku Sharpeville pa 21 March 1960, boma lidakhwimitsa malamulo a misonkhano ndi a malo achisangalalo, ndipo oimba ambiri adatuluka m'dziko. Ibrahim adapita ku Zürich mu 1962 pamodzi ndi woimba wapakamwa Sathima Bea Benjamin, amene pambuyo pake adakhala mkazi wake, ndipo ndi Benjamin amene adaumiriza Duke Ellington mu 1963 kuti akamve gulu la anthu atatu la Ibrahim. Ellington adawatengera ku Paris kukajambula, ndipo chimbale chimene chidatuluka chidawatsegulira makomo a ku Ulaya ndi ku New York. Mu 1968 Ibrahim adalowa Chisilamu ndi kutenga dzina limene akudziwika nalo lero.

Munthu amene ankabwerera kwawo m'zaka zotsatira adali atadziwika kunja monga woimba wozama, wotsata mapazi a Thelonious Monk ndi Ellington, amene adaimbapo ndi Elvin Jones, Don Cherry ndi Gato Barbieri, koma kaimbidwe kameneko kadali kutali ndi makutu a anthu wamba a m'makomboni a ku Cape Town, amene pa nthawiyo ankavina nyimbo za soul ndi za magitala amagetsi zochokera ku America. Funso limene lidamuyang'ana lidali lovuta kuposa la luso la zala: ankafuna nyimbo imene ingakhale jazi yeniyeni, yosachepetsedwa pofuna kukondweretsa msika, koma imene mayi wochapa zovala ndi bambo wa pafakitale angaizindikire kuti ndi yawo. Yankho adalipeza mu marabi, kaimbidwe kamene anthu ophunzira adali atakataya kale.

Marabi adaphuka m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 m'malo othithikana a mumzinda wa Johannesburg, monga Doornfontein, kumene anthu a mitundu yosiyanasiyana, odzafuna ntchito m'migodi ndi m'nyumba za azungu, ankasonkhana m'mashabini a amayi ofulula mowa. Chida chake chachikulu chidali piyano yakale kapena limba lopopa ndi mapazi, chothandizira chake chili chitini chothiramo timiyala, ndipo woimba mmodzi ankatha kuimba kuyambira madzulo mpaka mbandakucha. Maziko a kaimbidwe kameneka ndi makhodi, ndiye kuti magulu a mawu atatu kapena anayi olizidwa nthawi imodzi, amene amatsatana m'dongosolo losasintha: woimba amayamba pa khodi yoyamba, imene ili kwawo kwa nyimboyo, napita pa yachinayi, nabwerera pa yoyamba, nakwera pa yachisanu, kenaka nayambiranso, ndipo mzungulire umenewu sutha mpaka ovina atopa. Makhodi atatuwo ali ngati mafuwa atatu a pamoto, amene sasuntha tsiku lonse ngakhale miphika yoterekedwapo ikusinthana. Pamwamba pawo woimba wa marabi ankaikapo chuni cha nyimbo ya ukwati ya Chizulu, kenaka cha nyimbo ya kutchalitchi, kenaka cha Chisutu, kenaka chake chopeka pompo, ndipo aliyense wa m'chipindamo ankamva kachidutswa ka kwawo kakudutsa. Anthu akuda ophunzira m'sukulu za mishoni ankanyoza marabi kuti ndi nyimbo za zidakwa ndi za anthu opanda khalidwe, ndipo makampani a zimbale sadasamale kujambula oimba ake oyambirira m'maonekedwe awo enieni, kotero kuti zambiri zimene zimadziwika lero zidasonkhanitsidwa pambuyo pake ndi akatswiri monga David Coplan ndi Christopher Ballantine. Kubwerera kwa munthu amene Ellington adamutamanda kukagwada pamaso pa nyimbo yonyozeka chotere kukukumbutsa mawu akale akuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, ndipo kudali kulimba mtima kwenikweni, chifukwa anzake ena a jazi akadatha kuona ngati wabwerera m'mbuyo.

Mzungulire womwewu suli wachilendo m'makutu a ku Malawi, chifukwa kwela, kaimbidwe ka zitoliro zachitsulo kamene kadatchuka ku Johannesburg m'zaka za m'ma 1950, kadatengera makhodi ake ku marabi, ndipo kadafika kuno kudzera m'zimbale ndi mwa anthu obwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni. Abale awiri a ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, amene katswiri Gerhard Kubik adayamba kuwajambula mu 1967, adakasunga kaimbidwe kameneka ndi kukakulitsa pa nthawi imene kwawo kwenikweni kadali katazilala.

Munthu amene adalipira zojambulazo adali Rashid Vally, mwini sitolo ya zimbale yotchedwa Kohinoor mumzinda wa Johannesburg, amene adayamba kugwira ntchito ndi Ibrahim kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ndipo adatulutsa Mannenberg pansi pa dzina la kampani yake ya As-Shams, yotchedwanso The Sun. M'dziko limene wailesi ya boma idagawa omvera akuda m'zilankhulo zawo, ndipo makampani akuluakulu ankafuna nyimbo zazifupi za mphindi zitatu zolunjika kwa mtundu umodzi wa anthu, panalibe mkulu wa kampani amene akadalola nyimbo yopanda mawu kudzaza mbali yathunthu ya chimbale. Vally adalola chifukwa adali woima kuseri kwa kauntala tsiku lililonse, wodziwa ogula ake ndi maso, osati kudzera m'malipoti. Oimba amene Ibrahim adawasonkhanitsa adali Basil Coetzee pa sakisofoni ya tenala, Robbie Jansen ndi Morris Goldberg pa masakisofoni a alito, Paul Michaels pa besi ndi Monty Weber pa ng'oma. Coetzee ndi Jansen adali anyamata ozolowera kuimba m'malo ovinira, odziwa chimene chimadzutsa munthu pampando, ndipo kusankha iwo m'malo mwa akatswiri a jazi ya ku America chidali chigamulo chofunika kwambiri mwa zonse zimene wopekayo adapanga.

Nyimboyo sidakonzedwe kale. Gululo lidali litajambula nyimbo zina pa piyano yaikulu ya mu situdiyo, pamene Ibrahim adakhala pa piyano ina yoimirira imene tinyundo take, timene timagunda nsambo munthu akadina kiyi, tidali titakhomedwa timisomali ta mitu yaphwatalala, kotero kuti m'malo mwa nsalu yofewa chitsulo ndicho chinkagunda chitsulo. Mawu a piyano yotere ndi owuma ndi othetheka, ofanana ndi a mapiyano otopa a m'mashabini ndi m'maholo a m'makomboni, ndipo chuni chimene chidatuluka m'zala zake pa chida chimenecho chidatsata mawuwo kubwerera ku marabi. Anzakewo adalowamo, adagwirizana mwachangu za kumene masakisofoni adzalowere ndi kutulukira, ndipo nyimbo idajambulidwa popanda kuyeserera kwa masiku. Nkoyenera kuima pang'ono pa mfundo ya piyanoyo, chifukwa ikuonetsa kuti pa chimbale cha jazi mtundu wa mawu a chida ndi gawo la nyimbo yopekedwayo monga momwe chuni chilili: manotsi omwewo akadaimbidwa pa piyano yaikulu yosalala akadamveka monga ulemu woperekedwa kwa marabi kuchokera patali, pamene pa piyano ya timisomali adamveka monga marabi akudzilankhulira okha.

Womvera akaika chimbalechi amayamba kumva piyano ikutchula kachuni kafupi, kotsetsereka, kamene mwana angathe kukaimba ndi mluzu atakamva kawiri. Besi imayenda m'munsi mosafulumira, ng'oma zikugunda mopepuka ndi mosalekeza, ndipo liwiro la nyimbo yonse ndi la munthu woyenda pamsewu wa kwawo, osati la wothamanga. Kenaka masakisofoni amalowa pamodzi ndi chuni chachikulu, mawu awo atasanjikizana monga asanjikizirana mawu a kwaya ya kutchalitchi, ndipo apa ndi pamene cholowa cha agogo a Ibrahim chimamvekera, pamodzi ndi kamvekedwe ka mabandi a langarm, amene ankaimbira anthu a ku Cape magule ovina awiriawiri m'maholo. Pambuyo pake pamabwera gawo limene a jazi amalitcha solo, pamene woimba mmodzi amatsogolera yekha, akupeka chuni chatsopano pompo pamwamba pa makhodi amene anzake akumugwirira, ndipo solo yaitali ya Coetzee ndiyo mtima wa nyimbo yonseyi. Coetzee sathamangira kuonetsa manotsi ambiri monga ankachitira otsanzira bebop, jazi yaliwiro ya ku New York ya m'zaka za m'ma 1940. Amatenga kachidutswa kochepa, nakatembenuza, nakasiya, nakabwerera atakatalikitsa, mawu a chitoliro chake ali okhuthala ndi osasa pang'ono, ndipo pamene akukwera sataya konse mayendedwe a ovina. Chakumapeto kumamveka mawu ochepa olankhulidwa, ena m'Chiafrikaansi cha m'makomboni a ku Cape, ndipo kupatula pamenepo nyimboyo ilibe mawu.

Apa ndi pamene mwambi uja uyenera kuyesedwa, ndipo ukayesedwa bwino umapezeka kuti sudagonje. Chimene chimatopetsa gule si kubwerera kwa nyimbo pamalo pamene idayambira, chifukwa magule onse amene anthu amachezera amabwerera chomwecho. Chotopetsa ndi kubwerera chimanjamanja. Mu Mannenberg mzungulire umabwerera kambirimbiri, koma ulendo uliwonse wina mwa oimba asanu ndi mmodziwo amabwera atanyamula kanthu kamene kadalibe paulendo wapitawo: dzanja lamanzere la piyano lasuntha pamene likutsindika, besi yadutsa njira ina pofika pa khodi yomweyo, sakisofoni yayankha funso limene idafunsa mizungulire iwiri yapita. Nyimbo imene pachikuto yalembedwa kuti ndi imodzi ili ndi nyimbo zambiri m'kati mwake, ndipo wopekayo adazitheketsa posadzaza malo onse ndi nzeru zake. Luso lalikulu la Ibrahim pa chimbalechi ndi kudziletsa. Munthu amene ankatha kuimba zovuta kuposa aliyense m'chipindamo adasankha kugwira makhodi atatu kwa mphindi zambiri kuti Coetzee, mnyamata wa zaka 30 wa ku District Six, alankhule, ndipo wopeka amene sangathe kudzichepetsa chotero, ngakhale alembe manotsi okongola motani, amatulutsa chimbale chimene chimasiririka kamodzi ndi kuikidwa pashelefu. Ichi ndicho chimasiyanitsa kupekera gulu laling'ono la jazi ndi kupekera okhestra: wopekera okhestra amamaliza ntchito yake oimba asanafike, pamene wopekera gulu la jazi amasiya dala ntchito yosatha, podziwa amene adzaimalize, ndipo kudziwa anthu kumeneko ndi gawo la kupekako.

Dzina la nyimboyi lidachokera ku Manenberg, komboni ya m'chigwa chamchenga cha Cape Flats, ngakhale kuti pachikuto lidalembedwa mosiyana pang'ono ndi kalembedwe ka boma. Pa 11 February 1966 boma lidalengeza, potsata lamulo la Group Areas Act la mu 1950 limene linkagawa malo okhala potengera khungu, kuti District Six, dera lakale la pakati pa mzinda wa Cape Town, likhale la azungu okha, ndipo m'zaka zotsatira anthu oposa 60,000 adasamutsidwa, nyumba zawo zikugwetsedwa ndi mathirakitala. Ambiri mwa iwo adali anthu amene boma linkawaika m'gulu la makaladi, ndipo adakatayidwa m'makomboni monga Manenberg, Hanover Park ndi Bonteheuwel, kutali ndi ntchito zawo, matchalitchi awo ndi mizikiti yawo. Coetzee mwiniwake adabadwira ku District Six mu 1944 ndipo adasamutsidwira ku Manenberg. Kutcha nyimbo yokoma ndi yoyenda mwaulemu chotere dzina la malo amene boma lidawakonza kuti akhale kotayira anthu kudali kunena kanthu kamene sikafuna mawu: kuti anthu otayidwawo akadali ndi moyo wawo, kukongola kwawo ndi mbiri yawo. Nyimboyo silira maliro, ndipo mphamvu yake ili pomwepo, pakuti nyimbo yodandaula ikadavomereza kuti chimene boma lidafuna chachitika.

Vally atabwerera ku Johannesburg adaika zokuzira mawu pakhomo la sitolo yake ndi kuliza nyimboyo chimbale chisanatuluke, ndipo odutsa ankaima ndi kulowa kudzafunsa kuti ndi ya yani. Chitatuluka, zimbale masauzande angapo zidagulidwa pa kauntala imeneyo m'masiku oyambirira, mpaka kampani yaing'onoyo idalephera kukwanitsa ofuna ndipo idagwirizana ndi kampani yaikulu ya Gallo kuti ifalitse. M'miyezi isanu ndi iwiri zimbale zoposa 40,000 zidagulidwa, chiwerengero chimene chimbale cha jazi sichinkachiyembekezera m'dzikomo. Pamenepa pali phunziro lowawa la ufulu wa kampani yaing'ono, lakuti imatha kubala chinthu chimene yaikulu sikadabala, koma pofuna kuchifikitsa kutali imabwereranso pakhomo la yaikuluyo. Ku America nyimboyo idatuluka mu 1977 pansi pa dzina lina, Cape Town Fringe.

Anthu ambiri amaganiza kuti Mannenberg idabadwa ili kale nyimbo ya nkhondo yolimbana ndi tsankho, koma wolemba mbiri John Edwin Mason adaonetsa kuti udindo umenewo idaulandira pambuyo pake, ndipo adaupereka ndi anthu ena. Poyamba idali nyimbo yovina ndi yonyadira, yolizidwa m'maphwando ndi m'mashabini. Ana asukulu ataukira ku Soweto pa 16 June 1976, Ibrahim adatulukanso m'dziko, nalengeza poyera kuti ali kumbali ya African National Congress, ndipo sadabwerere mpaka 1990. Amene adatsala ndi nyimboyo adali Coetzee ndi Jansen, ndipo m'zaka za m'ma 1980, makamaka bungwe la United Democratic Front litakhazikitsidwa ku Mitchells Plain mu August 1983, awiriwa ankaiimba m'misonkhano ya ndale ndi m'makonsati olimbana ndi boma, nthawi zambiri Jansen akuyamba ndi mawu okumbutsa anthu za ulemu wawo ndi za chimene adalandidwa. Kusowa mawu kwa nyimboyo kudasanduka chitetezo chake, popeza ofufuza a boma ankaletsa nyimbo poloza mizere yake, ndipo apa padalibe mzere woti aloze. Kudasandukanso mpata, popeza msonkhano uliwonse unkaikamo tanthauzo la tsikulo. Choncho ngakhale m'mbiri yake ya pabwalo la ndale nyimboyi sidakhale imodzi: ya mu 1974 ndi ya mu 1985 zidali ndi chuni chimodzi koma ntchito zosiyana, ndipo yachiwiriyo adaipeka ndi mapapo a anthu awiri amene mayina awo sali pamalo a wopeka.

Ibrahim mwiniwake sadakhulupirire kuti nyimbo imodzi ingamusunge. Kuseri kwa chimbale chomwecho kuli The Pilgrim, nyimbo yodekha ndi yosinkhasinkha imene imaonetsa mbali ya pemphero ya munthu yemweyo, ndipo amene amatembenuza chimbale amapeza kuti mbali ziwirizo zikufunana. Kupambana kwa Mannenberg kudapatsa Vally mphamvu yojambula zimbale zina, za Ibrahim monga African Herbs ndi Black Lightning, cha Benjamin chotchedwa African Songbird, cha Pat Matshikiza ndi Kippie Moeketsi chotchedwa Tshona!, ndi cha Tete Mbambisa, kotero kuti nyimbo imodzi idalipirira nyimbo zambiri zimene popanda iyo sizikadamveka. Ku New York, Ibrahim adakhazikitsa mu 1983 gulu la anthu asanu ndi awiri lotchedwa Ekaya, ndipo pa chimbale chawo cha Water from an Ancient Well adaibwerezanso nyimbo ija m'maonekedwe ena, pakati pa nyimbo zina zopeka yekha monga The Wedding ndi The Mountain.

Patsala funso la umwini, limene silingalambalalidwe pokamba za chimbale cha nyimbo zopeka wekha. Oimba ena a ku Johannesburg adanena kuti chuni cha Mannenberg chikufanana kwambiri ndi cha Jackpot, nyimbo ya woimba sakisofoni Zacks Nkosi wa ku Alexandra, ndipo mkangano umenewo udakhalapo kwa zaka. Kufanana kotere sikodabwitsa m'kaimbidwe kamene nyimbo zake zonse zimayenda pa makhodi amodzimodzi ndipo tizidutswa ta chuni tidali kuyenda m'manja mwa oimba osatchulidwa mayina kwa zaka zambiri Nkosi ndi Ibrahim asanajambule kanthu. Koma yankho limenelo, ngakhale ndi loona, lisagwiritsidwe ntchito potseka pakamwa odandaulawo, chifukwa kumbuyo kwa dandaulo lawo kuli mbiri yaitali ya oimba akuda amene nyimbo zawo zidalembetsedwa m'mayina a ena, iwo nalandira ndalama ya tsiku limodzi. Chitsanzo chodziwika ndi cha Solomon Linda, amene adajambula Mbube mu 1939 ndipo adamwalira wosauka mu 1962 nyimbo yake ikulemeretsa anthu a kutsidya kwa nyanja. Munthu wokulira m'mbiri yotere ali ndi chifukwa chomveka chotcherera khutu akamva chuni chodziwika pansi pa dzina lachilendo.

Lamulo la umwini wa nyimbo, monga lidakhazikitsidwira ku Ulaya ndi kufalikira kwina, limazindikira chuni ndi mawu, ndipo limalipira amene adazilembetsa nthawi iliyonse nyimbo ikalizidwa pa wailesi kapena kujambulidwanso. Makhodi silimawawerengera kuti ndi a munthu, ndipo m'menemo limagwirizana ndi marabi. Koma solo, ngakhale ikhale yaitali kuposa chuni chenichenicho, kawirikawiri siliiwerengera kuti ndi nyimbo yopekedwa, ndipo mwambo wa m'masitudiyo ambiri udali wakuti woimba wothandizira alandire malipiro a tsiku lojambula basi. Dongosolo limeneli lidapangidwira nyimbo zolembedwa papepala, ndipo likafika pa jazi limasiya kunja gawo lenileni limene limapatsa chimbale moyo. Palibe chifukwa chochepetsera ntchito ya Ibrahim pofuna kukweza ya anzake, pakuti popanda khutu lake, kusankha kwake kwa anthu ndi kudziletsa kwake sipakadakhala poti Coetzee aimepo. Chofunika ndi kuvomereza kuti mawu akuti wopeka, pa chimbale cha gulu laling'ono, amatchula munthu amene adayamba ntchito ndi kuitsogolera, osati onse amene adaigwira. Omvera a ku Cape adaliona bwino lomwe vutoli ndipo adaliweruza m'njira yawo, pomupatsa Coetzee dzina la nyimboyo, kotero kuti kuyambira pamenepo mpaka imfa yake ankatchedwa Basil Manenberg Coetzee. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 iye adakhazikitsa gulu lake lotchedwa Sabenza ndi kuyamba kutulutsa zimbale m'dzina lake pansi pa Mountain Records, kampani inanso yaing'ono ya ku Cape Town, Jansen nayenso adatulutsa Vastrap Island pansi pa kampani yomweyo, ndipo Ibrahim atabwerera kwawo Coetzee adaimbanso naye m'magulu ake mpaka pafupi ndi imfa yake mu 1998.